Mabuleki akumbuyo akafooka, yezani musanachotse valavu

Kuno ku Britain ngakhalenso kwathu ku Malawi, alipo anthu amene amachotsa mabuleki a drum kumbuyo kwa galimoto n'kuikapo a disc, kenako n'kudabwa kuti matayala akumbuyo sakugwira bwino. Vuto n'limodzi, koma kafufuzidwe n'kosiyana. Kuno galimoto ikakwana zaka zitatu imapita ku MOT chaka chilichonse, komwe makina amawerenga mphamvu ya buleki ya tayala lililonse. Motero amakaniko anazolowera manambala: amamanga geji pa kabauti kotulutsira mpweya pa caliper, wina n'kuponda pedulo. Kwathu, m'magalaja ambiri, geji ndi phazi la makaniko, ndipo mabuleki akangofooka mlandu umagwera valavu yogawa mphamvu, yomwe amaichotsa kapena kuiboola. Ine ndikuti kuyambira pamenepo n'kuika moyo wa anthu pachiswe.

N'zoona kuti valavu yopangidwira drum imatha kuimana disc mphamvu. Nsapato za drum zimadzikanikiza zokha tayala likamazungulira, pomwe caliper imangodalira kukankha kwa mafuta, ndiponso imafuna mafuta ambiri, mwina oposa amene master cylinder yakale ingatumize. Koma valavuyo anaiikapo kuti matayala akumbuyo asamange msanga kuposa akutsogolo. Akayamba ndi iwo kumanga, galimoto imatembenuka, ndipo amene amatsika ku Chiweta kapena ku Chikwawa mvula itagwa akudziwa mathero ake. Komanso kawirikawiri wolakwa sakhala valavu. Caliper yakumanja ikamangidwa kumanzere, kabauti kaja kamakhala mmunsi, mpweya n'kutsalira pamwamba ngakhale mupope tsiku lonse. Caliper yokhala ndi handibuleki mkati imafuna kukoka handibulekiyo mobwerezabwereza kuti pisitoni isendere pafupi ndi mapadi. Pa mapikapu ena ngati Hilux zakale pali valavu yolumikizidwa ku ekiselo yakumbuyo, yochepetsa mphamvu galimoto ikakhala yopanda katundu. Mukakweza masipuling'i osaisintha, imachepetsabe mphamvu ngakhale mutadzaza matumba a chimanga.

Ena anena kuti geji ndi ya olemera, ndipo amakaniko athu amadzutsa zinthu zomwe akuno amangotaya. Luso limenelo sindikulikana, ndipo ndimalinyadira. Koma phazi limamva matayala onse anayi pamodzi, silingaloze pomwe mphamvu ikutayikira. Geji imaloza: yezani potulukira pa master cylinder, yezani kuseri kwa valavu, mumalizire pa caliper, ndipo pomwe nambala yagwa ndi pomwe pali vuto. Magalaja oyandikana angathe kusonkherana n'kugula imodzi. Zikapezeka kuti valavu ndiyo ikuimana caliper mphamvu, yankho n'kuikapo ina yotheka kuichuna, n'kuyesera pamalo opanda anthu mpaka matayala akutsogolo azigwira poyamba.

Eni magalimoto, makaniko akakuuzani kuti achotsa valavu, afunseni kaye kuti ayeza pati, ndipo apeza nambala yanji.