Madzi a ku Ndirande phiri lisanathe

Phiri la Ndirande limene ana a lero mukuliona lili mbee, miyala ndi timinda ta chimanga, ife tinalidziwa lili bii ndi mitengo ya paini. Inali nkhalango ya boma, munthu sunkalowamo ndi nkhwangwa mwachisawawa. M'munsi mwake munali akasupe. Mtsinje wa Nasolo unkayenda chaka chonse, ndipo ngakhale mu Okutobala amayi ankachapa pamiyala pake, mchenga ukuoneka pansi pa madzi. Damu la Mudi, lomangidwa m'zaka za m'ma 1950, linkadzaza ndi madzi otsika m'phiri lomwelo.

Chimene chimandiwawa n'chakuti nthawi imene madzi anali ambiriyo ndi imenenso tinkawalemekeza. Kwa malemu mayi anga, madzi sankafa ndi ntchito imodzi. Otsukira mpunga ankapita ku mpiru ndi nkhwani kuseri kwa nyumba. Otsukuluzira zovala ankakolopera, otsala n'kuwaza pabwalo kuti fumbi ligone tisanasese. Mapoto tinkayamba takwecha ndi phulusa ndi mchenga, madzi n'kubwera pomaliza. Mtsuko wa madzi akumwa unkakhala pakona, wovundikira ndi mbale, chikho chake chotungira chili chimodzi. Mwana ukatunga chodzaza, n'kumwa theka, otsalawo n'kukhuthula pansi, mayi ankangofunsa kuti, "Iwe, unawatunga ndiwe?" Tsiku limenelo nkhata inali yako. Chizimalupsa tinkachisiya chitsuke malata, koma mvula yotsatira inkapeza migolo, ndowa ndi mabeseni zili ndondondo mphepete mwa khonde. Posamba munthu unkalowa kubafa ndi ndowa yosadzaza ndi kachitini, n'kutulukako uli woyera. Palibe anatiuza zimenezi pa wailesi. Khosi limene lakwera ndi ndowa chitunda cha ku Goliyo limaphunzitsa lokha.

Mitengo inatha m'zaka za m'ma 1990, ndale zitasintha. Ena ankacheka matabwa, ena nkhuni, ena ankafuna polima. Anali anansi athu, anthu a njala, ndipo sindingawatukwane, koma mtima umandipweteka mpaka lero. Mapiri a Soche ndi Bangwe anatsatira njira yomweyo, ndipo Michiru wa anzathu a ku Chilomoni akutha ndi makala tikuona. Dothi linatsikira m'damu la Mudi. Nasolo anasanduka ngalande ya majumbo ndi zonyansa, mwana sangapondemo.

Madzi ambiri amene Blantyre Water Board imagawa mumzinda muno amachokera ku Shire, pa Walker's Ferry, mtunda wa makilomita pafupifupi 40. Amakwezedwa ndi mapampu a magetsi mamita pafupifupi 800, kudzera ku Chileka, asanafike kuno. Kuyambira 2019 ena amachokera ku Likhubula, ku Mulanje, kudzera ku Nguludi. Ndiye taganizani, adzukulu anga: kapu imene mumaitaya mutangonyowetsa milomo yakwera phiri lonselo. Magetsi akazima mapampu amaima, ndipo oyamba kuuma mipopi ndi okhala kumtunda, ku Bangwe, ku Machinjiri, ndi ife kuno.

Ndimaona nyumba za mipanda zina, mpopi ukudontha miyezi, atangoumanga ndi mphira. Mnyamata akutsuka galimoto ndi paipi, madzi akutuluka pageti kulondola msewu. Pansi pa msewu womwewo amayi afola pa kiyosiki kuyambira tambala woyamba, zigubu zachikasu zili pamzere, mwana kumsana, ndalama ya ndowa atamanga pansonga pa chitenje. Amayi amenewa safunika kuuzidwa za kusamala madzi. Amasambitsa ana onse m'beseni limodzi, madzi omwewo n'kuchapira matewera, n'kukathira kuchimbudzi. Ndi nzeru za mayi anga zomwe zija, koma mayi ankazichita mtima uli m'malo, podziwa kuti kasupe ali pompo mawa. Awa amazichita ndi mantha.

Ndipo kiyosiki ikakhala youma, amapita kuti? Amabwerera kumtsinje wakufa uja, n'kukumba tizitsime m'mbali mwake. Kolera ya 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa. Kuno tinaika anthu amene tinakula nawo, osaloledwa kusambitsa thupi, osaphika ngakhale nsima ya pamaliro.