Mau a Ambuya

Ambuya anga, ndiwo amai ao a atate, anabadwira kufupi ndi Katete, ndipo anadza ku Lusaka m'caka ca 1966, pamene Kalingalinga anali akali timanyumba ta dothi. Kanema woyamba amene anaonera m'moyo mwao anafika kumudzi pa galimoto, masiku a Central African Film Unit, bungwe limene atsamunda anakhazikitsa m'caka ca 1948. Anthu anapacika nsaru yoyera pakati pa mitengo iwiri, mudzi wonse nukhala pansi kupenya zithunzi zoyenda. Ambuya ankati zithunzizo zinali zokoma ndithu, koma zonse zinadza kudzatiphunzitsa kulima ndi kusamba m'manja. Panalibe mmodzi amene anafunsa anthu a m'mudzimo ngati iwonso anali nazo zonena. Mau amenewa ndinakula nawo.

Nditatsiriza sukulu ndinapeza nchito m'kanyumba kotumizira ndarama pa foni, m'mbali mwa mseu wa Alick Nkhata. Ndinali nditamva mbiri ya Rungano Nyoni, mwana wobadwira mu Lusaka mwathu muno, amene kanema wace wa m'caka ca 2017, I Am Not a Witch, analandira mphoto ya BAFTA ku London m'caka ca 2018, ndipo anthu a m'menemo amalankhula zinenero zathu zomwe. Ine sindinalote za London ai. Cimene ndinafuna cinali cacing'ono: kujambula ambuya akusimba nthano ndi mbiri ya banja lathu. Iwo anali atapitirira zaka 80, ndipo cifuwa cinayamba kuwabvuta nyengo yozizira iri yonse. Foni yanga inkatentha ndi kudzala msanga, ndiponso inkalira pakati pa nkhani. Cotero ndinasunga ndarama miyezi isanu ndi iwiri kuti ndigule kamera ya vidiyo.

Tsiku lina Loweruka m'caka ca 2024 ndinakwera minibasi kunka ku tauni. M'kasitolo kena ndinaona kamera yakuda, yonyezimira, m'bokosi lolembedwa 4K ndi manambala ena akuluakulu. Mnyamata wogulitsa anati, "Akulu, iyi ndi yatsopano, ndipo iposa zakale zonse kanai." M'mau ace munali coonadi pang'ono, pakuti cithunzi ca HD ceniceni ciri ndi timadontho 1920 m'litali ndi 1080 m'lifupi, pamene ca 4K ciri ndi 3840 ndi 2160, ndiko kuti kanai. Mtengo unali wocepa modabwitsa, ndipo dzina la amene anaipanga silinalembedwe pena pali ponse. Sindinafunse munthu. Ndinalipira, ndi kubwerera kwathu mtima uli m'mwamba.

Madzulo omwewo ndinakhazika ambuya pakhonde, ndipo anasimba nthano ya kalulu ndi citsime ca nyama zonse. Pakati pa nthano yaciwiri batire inatha. Magetsi kunalibe, cifukwa caka cimeneco cilala cinacepetsa madzi m'nyanja ya Kariba, ndipo makomboni ankakhala mu mdima maora ambiri tsiku ndi tsiku. M'mawa mwace ndinapita ndi kadi kwa mnzanga wa kompyuta. Nkhope ya ambuya inaoneka ngati yathiridwa mcenga; koma cimene cinandipweteka koposa cinali mau. Nyimbo za m'bala la pafupi zinamveka bwino, galu wa anansi athu anamveka bwino, koma ambuya milomo yokha ndiyo inkagwedera. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Nditabwerera ku tauni, wogulitsa uja anandionetsa cikwangwani cakuti katundu wogulidwa sabwezedwa.

Kuchalichi kwathu kuli mkulu wina wa ku Mtendere amene wajambula maukwati ndi maliro kuyambira masiku a matepi a MiniDV, amene tepi imodzi inkatha pa ora limodzi. Ndinapita kwa iwo ndi manyazi, bokosi liri m'khwapa. Anaitembenuza kamerayo m'manja mwao, naseka pang'ono, nati, "Mwana wanga, safunsa anadya phula. Khala pansi."

Anayamba ndi khutu. "Anthu amapirira cithunzi cosaoneka bwino," anatero, "koma mau akakhala osamveka amanyamuka ndi kupita. Usanayang'ane cina ciri conse, funa kabowo kolowetsa maikolofoni ya padera, ka mamilimita 3.5, ndipo ngati kulipo kena ka mahedifoni, ndiye bwino koposa. Maikolofoni ya m'kati mwa kamera imatola ciri conse ca m'komboni. Ya padera umaipana pa malaya a munthu, pafupi ndi kamwa, ndipo bala lija limatsalira kutali." Anandicenjeza kuti makamera ambiri ang'onoang'ono, ngakhale a maina odziwika, alibe kabowo kameneka.

Pambuyo pace ananena za diso. Kuseri kwa galasi kuli kacipangizo kolandira kuwala, kamene amisiri amakacha sensa. Kakakhala kakang'ono kwambiri kamalandira kuwala kocepa, ndipo madzulo cithunzi cimadzala timadontho tonga mcenga tija. Makamera onyenga amatenga cithunzi cacing'ono ndi kucikuza, nalemba 4K pa bokosi. Timadontho timacuruka, koma zooneka sizionjezeka. Cimodzimodzi ndi kukoka cinthu cakutali: kukoka kwa magalasi enieni, kumene pa kamera amalemba optical zoom, kumasunga cithunzi cakuthwa; koma kwa digital zoom n'kudula cithunzi ndi kucifufumitsa cabe. "HD yoona," anatero, "iposa 4K yonama, ndipo ngakhale foni yabwino iposa cimene wagulaci."

Cinthu cacitatu sindikadacidziwa ndekha. Magetsi a ku Zambia amasinthasintha ka 50 pa sekondi imodzi, ndipo makanema a kuno amayenda zithunzi 25 kapena 50 pa sekondi. Ku America magetsi ndi a 60, ndipo makamera a kumeneko amajambula 30 kapena 60. Ukajambula ndi kamera yotere m'nyumba yowala ndi nyali za magetsi, makamaka za macubu, cithunzi cingathe kuphethira kapena kuonetsa mizere yoyenda. Makamera ambiri ogwirapo kale nchito amene amagulitsidwa kuno acokera kunja, cotero munthu ayenera kutsegula m'ndandanda wa m'kati ndi kuona ngati 25 kapena 50 alipo. A Canon anasiyanitsa ndi maina omwe: Vixia ndi ya ku America, Legria ndiyo ya maiko a magetsi onga athu.

Potsiriza anawerenga ndarama zimene wophunzira amaiwala. Batire ikhale yocotseka, ndipo zikhale ziwiri, cifukwa magetsi sapangana ndi munthu. Kadi ikhale ya liwiro, yolembedwa Class 10 kapena U3; pojambula HD yabwino ora limodzi limadya pafupifupi magigabaiti 11, ndiko kuti kadi ya 32 siifika bwino pa maora atatu. Pafunikanso miyendo itatu yoimikapo kamera, pakuti dzanja limanjenjemera, ndipo nkhalamba sifulumira kusimba. "Usapereke ndarama usanajambule," anatero. "Tenga kadi yako, jambula panja ndi m'cipinda ca mdima, lankhula, kenaka ukaone pa kompyuta. Wogulitsa akakana, coka."

Ndinayambanso kusunga, ndipo miyezi imeneyo inali yowawa, cifukwa usiku uli wonse ndinkamva ambuya akutsokomola kuseri kwa cipupa, ine ndi kuwerenga makwaca anga mu mdima. Itatha miyezi isanu, mkulu uja anandiperekeza kwa mnzace wa ku Matero amene anali kusiya nchito yojambula. Kamera yace inali ya zaka zambiri, yokalika m'mbali, ya HD cabe. Tinaiyesa monga anandiphunzitsira, ndipo ndinaigula pamodzi ndi mabatire awiri ndi maikolofoni ya waya wautali.

Ambuya ataiona anati, "Iwe mdzukulu wanga, wasinthanitsa yatsopano ndi nkhalamba inzanga?" Ndinayankha kuti, "Inde ambuya, koma iyi imamva." Sindinajambulenso madzulo. Ndinasankha m'mawa wa Lamulungu, mabala asanatsegule, ndi kuwakhazika pa mthunzi wa mpanda, kumene kuwala kuli kofatsa. Milungu isanu ndi umodzi anasimba nthano khumi ndi zinai. Koma tsiku lina anasiya nthano, nayamba kuchula maina: amai ao, ambuya ao, mudzi umene anacokera makolo asanafike ku Katete, ndi mlongo wao amene anapita kukagwira nchito ku Salisbury osabwerera. Atate, amene anaima pakhomo, anandiuza pambuyo pace kuti maina ena anali asanawamvepo.

Ambuya anamwalira nyengo ya mvula, kuciyambi kwa caka ca 2025. Titacoka kumanda ku Leopards Hill, abale ocokera ku Katete ndi ku Chipata anagona kwathu, ndipo usiku umenewo ndinalumikiza kamera ku wailesi ya kanema. Atayamba kuchula maina aja, azakhali anandipempha kuti ndibwezere m'mbuyo, natuma mwana kukatenga pepala ndi colembera. Ndinabwezera kasanu, kufikira analemba onse.

Inu anzanga amene mwatsiriza sukulu ndipo mufuna kujambula masewero kapena mbiri za kwanu, kumbukirani kuti ine ndinalipira kawiri, ndipo ndinataya miyezi isanu imene ambuya akadasimba zambiri. Nthano yaciwiri ija, imene batire inadula pakati, anaiwala kuibwereza, ndipo inenso ndinaiwala kuwakumbutsa. Ndafunsa azakhali ndi amalume onse, koma palibe amene adziwa mathero ace.