Injini ikasiya kukodza musaikakamize

Mwezi wa Juni 2023 ndinapita kwathu kufupi ndi Cobue kukaona mayi anga. Pobwerera ku Metangula ndinakwera boti la matabwa la injini ya Yamaha. Tinalimo anthu 11, matumba a usipa, ndi mayi wina amene amathamangira kuchipatala ndi mwana wotentha thupi. Ine ndinali pa changu chifukwa madzulo ake ndimayenera kukhala pa wailesi.

Titayenda maola awiri, mwini boti, bambo wa imvi, anazimitsa injini mwadzidzidzi. Gombe linali patali ndithu, ndipo mwera unali utayamba kuomba.

"Bambo, bwanji kodi? Tiyeni, mwanayu akudwala," ndinatero mokweza mawu. Kunena zoona, ndimaganizira kwambiri za ntchito yanga.

"Mwananga, injini yasiya kukodza," anayankha iwo. "Ndikaikakamiza, tigona panyanja pano."

Abale anga a kumtunda, mwina simudziwa. Injini ya boti imadziziziritsa ndi madzi a m'nyanja momwemo. Madziwo amalowera pa timabowo tili kumunsi, pafupi ndi pulopela. Kampira ka mapiko kotchedwa impela kamawakankhira kumtunda, amazungulira mutu wa injini, ndipo ena amatuluka pa kabowo ka pambali ngati mkodzo. Kamkodzo kameneka ndiko mboni yoti madzi akuyenda. Kakasowa, injini imatentha, pisitoni imatupa n'kugwirana ndi silinda, basi injini yafa.

Bambo aja sanapupulume. Anachotsa chivundikiro, ndipo tonse tinamva fungo la penti yopserera. Mnyamata wina anafuna kuthirapo madzi, iwo anamuletsa. Anati chitsulo chotentha chikathiridwa madzi ozizira chikhoza kung'aluka, chizizire chokha.

Anayamba ndi chapafupi. Anapisa kawaya pa kabowo kotulukira madzi, poti nthawi zina mchenga kapena dothi la mavu limatseka pamenepo injini ili bwinobwino. Panalibe kanthu. Kenaka anaweramitsa injini kuti mwendo wake utuluke m'madzi. Taonani, pepala la pulasitiki litamata timabowo tolowera madzi! Analichotsa, nadikira pang'ono, naliza injini. Madzi anatuluka, koma modontha, ndiponso otentha. Anazimitsanso.

"Vuto lili mkati. Gwirani nkhafi."

Tinapalasa mpaka pagombe lina la mchenga, manja anga a pa maikolofoni atatuluka matuza. Pamenepo anamasula mabawuti, natsitsa mwendo wa injini, natsegula pampu. Impela inali itauma, mapiko awiri atathothoka. Anafunafuna zidutswazo mpaka anazipeza zonse, chifukwa chidutswa chotsalira chimakatseka njira ya madzi, ndiye ngakhale uike impela yatsopano injini imatenthabe. Yatsopanoyo anaitulutsa m'kachitini momwe amasungiramo mapulagi.

Apa mdzukulu wawo, amene amawathandiza pa boti, anaulula kuti dzulo lake analiza injini pamtunda kuti anzake amve kulira kwake. Agogo akewo anangopukusa mutu. Impela imadalira madzi kuti iterere. Ikazungulira pouma, ngakhale kwa kanthawi kochepa, imapsa. Pulasitiki ija inangomaliza ntchito imene mwanayo anaiyamba.

Akumanga mabawuti, ndinawafunsa kuti akanatani impela ikanapezeka yabwino. Anati akanaona themositati, kachitseko kamene kamatseguka injini ikafunda. Kakakanirira, madzi sadutsa bwino m'mutu wa injini, ndipo ikhoza kutentha ngakhale ikukodza. Anatchulanso zina: kumanga injini m'mwamba kwambiri moti timabowo tizituluka m'madzi pa mafunde, kulemetsa boti, ndi kuumira oyilo. Pa injini yawoyo amathira oyilo mamililita 400 pa malita 20 a petulo, monga linenera buku lake.

Ataliza, madzi anatumphuka mwamphamvu, ofunda pang'ono chabe. Tinafika ku Metangula kutada. Pulogalamu yanga inandipita, ndipo m'mawa mwake ndinakapepesa kwa akuluakulu. Koma mwana uja anagona kuchipatala usiku womwewo. Patapita sabata ndinakumana ndi mayi ake pamsika, mwanayo ali kumsana akudya nthochi.

Chimene chimandichititsa manyazi mpaka lero n'chakuti bambo aja akanamvera ine, injini ikanafera pakati pa nyanja, mwera n'kutikankhira kutali, ndipo mwanayo sakanafika. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Choncho inu eni maboti, yang'anani kamkodzo nthawi iliyonse mukaliza injini, ndiponso pafupipafupi paulendo. Sinthani impela chaka ndi chaka, ina ikhale m'chitini. Musalize injini pamtunda. Ndipo ife okwera, tisataye mapulasitiki m'nyanja. Woyendetsa akazimitsa injini, tisamukalipire monga ndinachitira ine. Tifunse kumene kuli nkhafi.