Dzina limene tinafufuta pa mndandanda



Lamulungu lapitali, titatuluka ku Misa, mmodzi mwa inu anatifunsa kuti kodi munthu angadziwe bwanji zimene amakhulupiriradi, poti pakamwa tonsefe timanena zofanana. Tinamuyankha mwachidule chifukwa nthawi inali itatha, koma funsolo latikhala mumtima sabata yonse. Taganiza zoliyankha pano ndi nkhani ya ife eni, ngakhale kuti ndi nkhani imene ili ndi mbali yotichititsa manyazi.

Ambiri a inu mukukumbukira mwezi wa Malichi 2023. Tinali pakati pa nyengo ya Lenti pamene namondwe wa Freddy anafika m'chigawo cha kummwera. Mvula inagwa usana ndi usiku kwa masiku angapo osalekeza, mapiri anagumuka, ndipo m'boma lathu lino la Chiradzulu mudzi wa Ntauchira, m'dera la Mfumu Yaikulu Likoswe, unakokoloka ndi matope ndi miyala. Pa 13 Malichi, Lazarus Chakwera, amene anali mtsogoleri wa dziko panthawiyo, analengeza kuti chigawochi chagwa m'ngozi. M'dziko lonse anthu oposa 600,000 anasowa pokhala. M'dera lathu phiri silinagumuke, koma nyumba zambiri za zidina zinafewa kunsi nkugwa, ndipo mabanja anathawira m'makalasi a sukulu ndi m'tchalitchi.

Patapita masiku, akufuna kwabwino ena anatumiza thandizo kudzera ku parishi: ufa, nyemba, mabulangete ndi mapepala a pulasitiki ofolera nyumba. Katunduyo anali wochepa poyerekeza ndi anthu ovutika. Bambo Mfumu anapempha miphakati kuti ilembe maina a mabanja amene nyumba zawo zinagweratu, posayang'ana mpingo kapena chipembedzo. Ku dera lathu anatipatsa malo a mabanja 30 okha, ndipo popeza ife ndife katekisiti, kope ndi cholembera zinabwera m'manja mwathu.

Madzulo a tsiku lomwelo kunyumba kwathu kunafika mayi athu aang'ono. Kuti mumvetse kulemera kwa ulendo wawo, tiyenera kukuuzani kuti mayi otibereka anamwalira tili ku pulayimale, ndipo anatilera ndi iwowa. Ankagulitsa nandolo ndi tomato kuti tipeze sopo ndi ndalama yoyendera pamene tinali ku seminale. Komanso kuno kwathu, kumene mtundu umatsata kuchikazi, mwana wamwamuna akakula amakhala mwinimbumba. Alongo ake ndi ana awo amayang'ana kwa iye pa mavuto. Nyumba ya mayiwo sinagwe. Khoma limodzi linang'aluka, khitchini inagwa, ndipo chimanga cha kudimba chinapita ndi madzi. Anakhala pamphasa nkunena motsitsa mawu kuti, "Mwanangu, ndamva kuti kope lili ndi iwe. Usandiiwale."

Tikuvomera pamaso panu kuti dzina lawo tinalilemba. Tinalilemba pa nambala 30, ndipo tinali ndi zifukwa zimene zinkamveka bwino m'makutu athu. Tinkati mayiwa ndi osauka ndithu, sitikunama kuti avutika. Tinkati chibale ndi fupa, sichiola. Tinkatinso lamulo lachinayi la Mulungu limatiuza kulemekeza makolo, ndiye kodi si uku kulemekezako? Munthu amene anaphunzirako pang'ono za Mulungu ali pangozi yaikulu kuposa anzake, chifukwa akafuna kuchita choipa sasowa mawu oyera ochikutira.

Chimene chinatisowetsa tulo usiku umenewo ndi pepala lina limene linali pansi pa kope. Pamenepo panali maina amene anatsala. Limodzi linali la gogo wina wachisilamu wa kutsidya kwa mtsinje, amene ankalera zidzukulu zitatu, ndipo nyumba yake tinaiona ndi maso athu itasanduka mulu wa dothi. Gogoyo analibe mbale aliyense m'komiti, sankabwera ku mphakati, ndipo akanatsala sakanadziwa nkomwe kuti panali malo amene anayenera kukhala ake. Apa ndi pamene tinazindikira kuti nambala 30 sinali yopanda mwini. Polemba dzina la mayi athu tinali titachotsa bulangete pa ana atatu amene akugona pasimenti ya m'kalasi.

Ku seminale anatiphunzitsa za makhalidwe anayi amene ali ngati mizati ya moyo wabwino: nzeru, chilungamo, kulimba mtima ndi kudziletsa. Tomasi Woyera wa ku Akwino, potsata anzeru akale, amafotokoza chilungamo ngati kufunitsitsa kosasintha kopereka kwa munthu aliyense chimene chili chake. Zimenezi tinaziloweza ndi kuzilembera mayeso. Koma sitinaganizepo kuti tsiku lina "munthu aliyense" ameneyu adzakhala gogo wosatidziwa, ndipo wopikisana naye adzakhala mayi amene anatisambitsa tili ana. Msonkhano waukulu wachiwiri wa ku Vatican, umene unatha m'chaka cha 1965, umaphunzitsa kuti m'chikumbumtima munthu amapeza lamulo limene sanadziikire yekha, ndipo ayenera kulimvera. Usiku umenewo tinaona kuti nzoona, pakuti chikanakhala kuti lamulolo tinalipanga tokha, tikanalisintha nkugona tulo.

Vuto logawa chakudya mokondera ndi lakale mu Mpingo. M'buku la Ntchito za Atumwi, mutu 6, akhristu olankhula Chigriki anadandaula kuti amayi awo amasiye ankasiyidwa pa kugawa kwa tsiku ndi tsiku. Atumwi sanawadzudzule chifukwa chodandaula. Anauza mpingo kuti usankhe anthu asanu ndi awiri a mbiri yabwino kuti ayang'anire ntchitoyo, ndipo mmodzi mwa iwo anali Stefano, amene pambuyo pake anafera chikhulupiriro. Tiyeni tione bwino apa: munthu woyamba kufera Khristu anayamba ndi ntchito yonga yogwira kope la maina. Kukhulupirika kwake pa mbale ya amasiye ndi kukhulupirika kwake pamaso pa omuponya miyala kunachokera pa muzu umodzi.

M'mamawa tinafufuta dzinalo nkulemba la gogo uja. Kenako tinapita kwa mayi athu kukawauza tokha, chifukwa tinaona kuti kuwasiya kuti akamve pagulu kukanakhala mantha. Anamvetsera mpaka tinamaliza, nkutiyankha kuti, "Zikomo a Katekisiti, ndamva. Pitani mukathandize anthu anu." Moyo wathu wonse ankatitchula kuti "iwe". Tsiku limenelo anatipatsa ulemu umene umapatsidwa kwa mlendo, ndipo unatipweteka kuposa chipongwe. Alongo athu nawonso anatiuza kuti sukulu yatipusitsa, kuti anzathu amene ali m'makomiti ena sasiya abale awo, ndipo kuti tsiku limene tidzadwale adzatisamalira ndi gogo wa kutsidya uja.

Sitikufuna kuti muganize kuti iwo anali oipa ndipo ife tinali oyera. M'mawu awo munali choonadi chimene chinatitengera nthawi kuti tichimve. Udindo wathu kwa mayiwo unali weniweni, ndipo kufufuta dzina sikunauthetse. Cholakwa chathu choyamba chinali kufuna kulipira ngongole ya chibale ndi katundu wa anthu ena. Tikanaima pa kufufuta pokha, nkumadziyamikira kuti ndife achilungamo, tikanachita cholakwa chachiwiri, chimene ndi kugwiritsa ntchito chilungamo ngati pobisalira pothawa abale. Ngongole ya chibale imalipidwa kuchokera m'thumba la mwini wake. Choncho mvula itatha tinagulitsa mbuzi imodzi mwa ziwiri zimene tinali nazo, tinaumba njerwa pamodzi ndi anyamata awiri a mumphakati, ndipo tinakonza khoma lija ndi kumanganso khitchini. Mayiwo ankatiphikira nsima masiku onse a ntchitoyo, koma "iwe" uja anabwerera patapita miyezi yambiri. Mmodzi mwa alongo athu mpaka lero nkhaniyi akaikumbukira amapukusa mutu, ndipo ife taphunzira kukhala nazo.

Tanena zonsezi chifukwa ife achinyamata a ku Malawi timadziwa kudzudzula katangale. Tikamakamba za ndalama za boma zimene zinabedwa pa nkhani ya Cashgate, imene inaululika m'chaka cha 2013, timakwiya, ndipo nkoyenera kutero. Timanyadiranso kalata ya Maepiskopi athu imene inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992, imene inanena poyera za kusowa kwa chilungamo pa nthawi imene anthu ankaopa ngakhale kunong'ona, ndipo inatsegula njira ya referendamu ya 1993. Koma katangale sayambira ku Capital Hill. Amayambira pa kope la mphakati, pa ndalama za kwaya zimene msungichuma wabwereka osauza anzake, pa madzi amene timawaza mu nandolo kuti alemere pasikelo, pa sikelo imene wogula waipotoza, pa foni imene tailowetsa m'chipinda cha mayeso. Amene amaba mamiliyoni amanena mawu omwe aja amene ife tinanena usiku uja: abale anga akuvutika, aliyense akuchita, palibe amene adziwe. Kusiyana kwathu ndi iwo nthawi zambiri kumangokhala kukula kwa kope limene tagwira.

Tsono kwa mnzathu amene anafunsa funso lija, yankho lathu ndi ili. Zimene umakhulupiriradi umazidziwa pa tsiku limene zikukudyera kanthu, ndipo palibe wokuona. Tonsefe pa Misa timavomereza chikhulupiriro ndi mawu amodzi, koma pofika Lachitatu aliyense amatsogozedwa ndi kachikhulupiriro kena kamene sakatchula. Wina amakhulupirira kuti wochenjera ndiye amadya. Wina amakhulupirira kuti chachikulu nkusakhumudwitsa abale. Wina amakhulupirira kuti tchimo ndi lokhalo limene laululika. Ntchito ya mkhristu ndi kuzitulutsa zikhulupiriro zobisikazi, kuziyang'ana pamaso pa Mulungu, ndi kuona ngati zikugwirizana ndi zimene ananena Lamulungu.

Kuchokera nthawi imeneyo tinadziikira malamulo atatu ang'onoang'ono, ndipo tikuwapereka kwa inu kuti muone ngati angakuthandizeni. Loyamba, tikagwira chinthu cha gulu, sitigamula tokha nkhani imene ikukhudza mbale wathu. Timaipereka kwa anzathu a m'komiti ndipo ife timatuluka panja. Lachiwiri, mndandanda uliwonse umene talemba timauwerenga mokweza pamaso pa anthu, pakuti chinthu chimene tikuopa kuchiwerenga pagulu chimakhala ndi chilema. Lachitatu, tikakaniza mbale chinthu chimene si chathu, timadzifunsa msanga kuti nanga chathu chimene tingamupatse nchiyani, kaya ndi ndalama, mphamvu kapena nthawi. Malamulowa sitiwasunga bwino masiku onse, ndipo nchifukwa chake Sakramenti la Kulapa timalifunabe monga wina aliyense.

Sabata ino tikupempheni chinthu chimodzi. Madzulo alionse musanagone, khalani chete kwa mphindi zochepa ndipo mudzifunse kuti: kodi lero ndinagwira kope lanji, ndipo ndani amene anatsala chifukwa cha ine? Mwina ndi mnzanu wa m'kalasi, mwina ndi kasitomala pamsika wa Mbulumbuzi, mwina ndi mng'ono wanu amene munamudyera gawo lake. Mukapeza dzina, musataye mtima, koma mawa lake mukakonze. Ndipo amene muli m'makomiti a achinyamata, kambiranani pa msonkhano wanu wotsatira za m'mene mumasungira ndi kuwerengera ndalama za gulu.

Tipemphere. Ambuye Yesu, Inu mumadziwa maina a anthu amene ife timawaiwala. Tipatseni mtima woona pa zinthu zazing'ono, kulimba mtima pamene choonadi chikutidanitsa ndi okondedwa athu, ndi chikondi chosathawa udindo wa pa abale. Mupatse mpumulo wosatha onse amene anatisiya pa namondwe wa 2023, ndipo mutonthoze mabanja awo. Amen.

Mulungu akudalitseni nonse, ndipo tionane Lamulungu.