A Jagari Abwerera Patatha Zaka 39

Lero nkhani yathu ndi ya nyimbo, koma si za kwaya ai. Ndi ya mdala wina wokulira ku Kitwe, a Emmanuel Chanda, amene dziko limawadziwa ndi dzina loti Jagari.

Mu June 2023 gulu lawo loimba, WITCH, linatulutsa chimbale chotchedwa Zango. Chimbale chomaliza cha gululi chisanabwere chimenechi chinali Kuomboka, cha mu 1984. Werengerani nokha: zaka 39. Khanda limene linabadwa chaka chimenecho manje ndi bambo wa pakhomo, mwinanso ali ndi mdzukulu. Ndiponso a Jagari eni ake anali atachoka kale m'gululo pamene Kuomboka ankatuluka, ndiye kwa iwo mpatawo unapitirira zaka 40.

Ndikuona kale amayi ena a Mothers' Union akwinya nkhope ndi dzinalo, chifukwa pa Chingerezi limatanthauza mfiti. Khazikani mtima pansi, amayi. Zilembo zisanuzo ndi chidule cha mawu odzitama a anyamata a m'ma 1970, oti iwo abwera kudzasokoneza. Anali anyamata a magitala, tsitsi lanyankhalala ndi mathalauzi otambalala kunsi. Dzina loti Jagari nalo linachokera kwa Mick Jagger wa gulu la Rolling Stones, chifukwa mnyamatayo pa siteji sankaima malo amodzi.

Achinyamata, inu amene mumaganiza kuti nyimbo za Zambia zinayamba ndi foni, mverani. Nthawi imeneyo mkuwa unali ndi mtengo, anthu a m'migodi anali ndi ndalama m'thumba, ndipo a Kaunda analamula kuti pa nyimbo 100 zilizonse zoulutsidwa pa wailesi, 95 zikhale za kuno kwathu. Ku Ndola kunali kampani ya Teal yodinda malekodi, komanso Zambia Music Parlour ya a Edward Khuzwayo imene inkatulutsa ndi kugulitsa nyimbo za magulu. Apo ndi pamene panaphukira nyimbo zimene lero amazitcha Zamrock: WITCH, Amanaz, a Paul Ngozi ndi Ngozi Family, a Rikki Ililonga ndi Musi-O-Tunya. Chimbale cha WITCH chimene chinamveka koposa ndi Lazy Bones!!, cha mu 1975.

Ife a kuno ku Kaumbwe zinkatipeza mochedwa, kudzera mwa achibale obwera pa tchuthi kuchokera ku migodi. Amalume anga anabwera chaka china ndi kagalamafoni ka mabatire ndi malekodi angapo m'katoni. Mawu a Chingerezi sitinkawamva, koma gitala yolira ngati mavu atsekeredwa m'chitini tinkaimva bwino lomwe. Mabatire akatha tinkawayanika padzuwa kuti atipatseko nyimbo imodzi ya mbasela. Malekodi amenewo anathera kuti? Ena anapindika ndi dzuwa, ena ana ankaponyerana ngati mbale. Lero anthu a kunja amasakasaka malekodi omwewo ndi ndalama zimene mlimi wa nshawa sangazione pa ngolo yodzaza.

Kugwa kwake kunabwera mbali zonse. Mtengo wa mkuwa unatsika cha m'ma 1975, ndalama zinauma. Nkhondo ya ku Rhodesia inabweretsa mabomba ndi malamulo oletsa kuyenda usiku, ndipo woimba amadya za usiku. Kunabwera disko, mwini bala n'kuona kuti munthu mmodzi wokhala ndi malekodi ndi wotchipa kuposa anyamata asanu ndi zida zawo. Makaseti okopera anamaliza zotsala. Pamwamba pa zonsezo panagwa matenda aja amene sitinkawatchula dzina pamaliro, mpaka a Kaunda ananena poyera mu 1987 kuti mwana wawo anamwalira ndi Edzi. Oimba a m'badwo umenewo anapita ambiri. A Paul Ngozi anamwalira mu 1989. Mwa amene anayambitsa WITCH, a Jagari ndiwo anatsala okha.

Anakhala mphunzitsi. Pambuyo pake anakakumba miyala ya mtengo wapatali kutchire, ndi piki ndi fosholo, kusaka mwala umene mwina ungasinthe moyo. Inu a ku Nyimba ndi ku Petauke ntchito imeneyo simufunika kuuzidwa, mukudziwa mmene munthu amabwerera kumadzulo, msana utauma, m'manja mulibe kanthu. Taganizani munthu amene holo yonse inkakuwa dzina lake, manje ali m'dzenje, anyamata okumba nawo sakudziwa n'komwe kuti mdalayu anali ndani. M'zaka zimenezo anatembenukanso mtima n'kukhala munthu wa mapemphero.

Amene anakawafukula si ife. Ichi ndicho chimandiwawa, ndipo sindichibisa. Kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inasonkhanitsa nyimbo zakale za WITCH n'kuzitulutsanso mu 2012. Mtaliyana wina, Gio Arlotta, anabwera kudzawafunafuna, n'kupanga filimu ya moyo wawo imene inatuluka mu 2019. Woimba wa ku Netherlands, Jacco Gardner, ndi anzake anakhala nawo m'gulu latsopano, pamodzi ndi a Patrick Mwondela amene ankaliza kiyibodi mu WITCH m'ma 1980. Anayenda nawo ku Ulaya ndi ku America. Ife tinadzuka anthu a kunja atawomba kale m'manja, ndiye n'kuyamba kunena kuti ndi wathu, ndi wathu.

Koma chimene chandipangitsa kulemba ndi china. Mdala wobwerera chotere, njira yosavuta n'kungoimba zakale zokhazokha. Anthu amalipira kuti amve nyimbo ya unyamata wawo, iye n'kukhala ngati jekete la salaula: lolimba ndithu, koma aliyense akudziwa kuti nyengo yake inapita. A Jagari, ali ndi zaka pafupifupi 70, analowa mu DB Studios ku Lusaka, mmene anajambuliramo Lazy Bones!! kalelo, n'kupeka nyimbo zatsopano. Anaitana a Keith Kabwe a Amanaz, mnzawo wa m'badwo umodzi. Anaitananso Sampa the Great, mtsikana woti angakhale mwana wawo, amene dzina lake linali litamveka kale kunja. Dzina la chimbalecho, Zango, amalimasulira kuti malo okumanirapo, ngati bwalo la pamudzi.

Ndachimvera kangapo, pa foni, bundle ikalola. Sindikunamizani kuti mawu awo ali ngati a 1975. Pamwamba pamene ankafika mosavuta, manje amapazungulira. Mpweya ndi wofupikirapo. Koma mdalayo amadziwa poyambira mzere ndi pousiyira, amadziwa pokhala chete kuti ng'oma ilankhule. Inu amene munaimbapo m'kwaya mukudziwa kuti chimenechi sichiphunzitsika pa pulakatisi ya Lachisanu. Nyimbo zina m'chimbalecho sizinandigwire, zikumveka kuti anyamata a ku Ulaya aja ankafunitsitsa kuti zifanane ndi zakale. Zimene ndimabwereza ndi zija zoimbidwa m'zilankhulo zathu, mmene amayi amayankha kumbuyo ngati pa mtondo.

Zoterezi zinachitikaponso kwina. Ku America kunali a Solomon Burke, woimba nyimbo za soul amene analinso mlaliki. Anamveka kwambiri m'ma 1960, kenaka dzina linazilala. Mu 2002 anatulutsa chimbale chotchedwa Don't Give Up on Me, chojambulidwa m'masiku anayi chabe. Akatswiri ngati Bob Dylan, Van Morrison ndi Tom Waits anapereka nyimbo zawo kuti mdalayo aziimbe, ndipo chaka chotsatira chinapata mphoto ya Grammy, yoyamba pa moyo wawo wonse. Anakhala akuimbabe mpaka anamwalira mu 2010, ali paulendo wokaimba ku Amsterdam.

Pafupi pompa, kwa anansi athu ku Malawi, nkhani ya agogo a Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu ambiri mukuidziwa, chifukwa Linny Hoo inalira pa kantemba kalikonse kuyambira ku Chipata mpaka pa Luangwa Bridge. Anabadwa mu 1930. Nyimboyo inali yakale, yonena za mwana wawo wamkazi. Mu 2020 Patience Namadingo anakhala nawo pansi n'kuijambulanso, ndipo pofika kumayambiriro kwa 2022 atolankhani ankanena kuti yaonedwa kopitirira 80 miliyoni pa TikTok. Atolankhani omwewo atapita kumudzi anapeza kuti agogowo alibe foni ya intaneti, TikTok yomweyo sakuidziwa. Dziko lonse likuvina, mwini nyimbo ali pakhonde.

Apa ndipo nkhani ikukukhudzani inu a malonda, ndipo mundikhululukire ndikapondako chala. Pamsika uliwonse wa kwathu kuno pali mnyamata wa laputopu amene amathira nyimbo mu memory card, mazanamazana, pa ndalama yosakwana kugula botolo la saladi. Ndimamudziwa, ndi mwana wathu, akusaka ya ndiwo, ndipo ambiri a ife ndife makasitomala ake. Koma inu amayi amene mumakwera Canter usiku kupita ndi nthochi za ku Nyimba ku Soweto Market, mungamve bwanji munthu atatola mkoko wanu n'kumagawira anthu, iye n'kumalandira ya thumba lapulasitiki? Woimba naye anaoda katundu wake: zaka zophunzira, zingwe za gitala, ndalama ya studio, nthawi zina nkhongole ya kaloba. Kuli bungwe la ZAMCOPS loyang'anira za umwini wa nyimbo m'dziko muno, monganso COSOMA ku Malawi, koma bungwe silingaime pa kantemba kalikonse. Sindikuti mumuthamangitse mnyamatayo. Ndikuti woimba wa kwathu akabwera kudzaimba ku Petauke, lipirani pakhomo osadumpha mpanda. Kwaya ikajambula nyimbo zake n'kumagulitsa, gulani kwa eni ake, musadikire kuti mnzanu akutumizireni pa WhatsApp. Makaseti okopera anathandiza kutumiza a Jagari kudzenje la miyala, ndipo memory card ikugwira ntchito yomweyo mwakachetechete.

Manje tibwere pakhomo. Mu 1961 katswiri wina wa nyimbo, John Blacking, anafika m'boma la Petauke ndi makina ojambulira mawu. Anajambula Ansenga akuliza kalimba ndi kuimba nyimbo zawo, n'kulemba za kalimbayo. Zojambulazo zinatuluka pa malekodi a kampani ya Folkways ku America, pa dzina loti Music from Petauke of Northern Rhodesia, ndipo lero zikusungidwa ndi Smithsonian ku Washington. Mawu a anthu a m'badwo wa agogo athu ali kumeneko, osungidwa bwino. Ndikufunseni: ndani wa ife ali ndi mawu a agogo ake omubala? Mafoni tili nawo, odzaza ndi mavidiyo a anthu osawadziwa akugwa pa njinga. Ndi mudzi uti kuno kumene mwana angapeze munthu womuphunzitsa kalimba?

Ndimayenda pamaliro ambiri chifukwa cha ntchito yanga, ndipo ndimaona chimene chikuchitika. Kale usiku wa pamaliro unkagwiridwa ndi amayi achikulire. Mmodzi ankayambitsa nyimbo ali chikhalire pamphasa, osakweza mawu, nyumba yonse n'kuyankha, ndipo nyimbo ikatha ina inali itayamba kale. Ankadziwa yoimba pamene namfedwa wakomoka ndi kulira, ndi yoimba tambala woyamba akalira, anthu atatopa. Masiku ano kumabwera jenereta, sipika ndi kiyibodi. Achinyamata amaimba bwino, sindikuwanyoza, ndipo ena a iwo ndinawaphunzitsa ndekha kuwerenga. Koma sipika ikayaka, agogo aja amangokokera chitenje kumapewa n'kukhala chete. Palibe amene wawaletsa. Angoona kuti malo awo palibe. Mafuta a jenereta akatha cha m'ma 2 koloko usiku, mumaona achinyamata akuyang'anana, ndipo kuchokera kungodya kumamveka mawu aja osasa akuyambitsa nyimbo imene theka la nyumba silikuidziwa.

Amayi amenewo sadzabwererwa ndi Mtaliyana wa kamera. Palibe wa ku Los Angeles amene akusaka nyimbo zawo. A Jagari anali ndi mwayi woti mawu awo anali pa lekodi, ndiye munthu wa kutali anatha kuwamva patapita zaka 30 n'kuyamba kufunsa. Wopanda chojambulidwa akapita, wapita ndi buku lake lonse la m'mutu: za pamaliro, za pa mtondo, za chitelele, za paukwati.

Ndiye ndakambirana ndi akuluakulu a pampingo pathu, ndipo agwirizana nazo. Sabata ikubwerayi tikatuluka m'mapemphero, tidzakhala pansi pa mtengo ndi amayi ndi abambo achikulire amene avomera, kuti atiimbire zimene akukumbukira. Sitidzajambula munthu amene sanalole, ndipo palibe chodzaikidwa pa Facebook mwini wake asanamve ndi kuvomereza. Achinyamata a kwaya, bwerani ndi mafoni otchaja, mufufutemo zina kuti mukhale malo, ndipo mubwere ndi kope lolembamo mawu ndi dzina la woimba aliyense. Kiyibodi isiyeni kunyumba tsiku limenelo. Inu a mashopu ndi a pamsika, amene mungathe, tumizani shuga, sopo kapena mchere, chifukwa agogowa sitidzawabweza chimanjamanja ngati mmene ena anachitira ndi a Giddes. Ngati kwanu kuli nkhalamba yodziwa kalimba, kaya ndi ya mpingo wina kaya siipemphera, ndiuzeni, tidzaitengera njinga.

Za WITCH, mu June 2025 anatulutsanso china, dzina lake Sogolo. Chimenecho sindinachimvere chonse, bundle inandithera pa nyimbo yachitatu. Amene muli nacho mwa njira yolipira, tidzamverere limodzi tikamaliza ndi agogo.