Kadontho kofiira pa ndege ya agogo

Ndili mwana, cha m'ma 1986, ndinapanga ndege ya mapesi. Kwathu kuno ku Mchinji, kufupi ndi Kamwendo, tikatha kukolola chimanga ana tinkasenda mapesi, chamkati chofewa chija n'kukhala thupi la ndege, timakoko take n'kukhala misomali yolumikizira mapiko. Anzanga ankakonda galimoto zamawaya, koma ine mtima unali pa ndege ngakhale ndinali ndisanaionepo pafupi. M'buku lina lakale kusukulu ndinaona chithunzi cha ndege yankhondo ya Angerezi ili ndi mabwalo ozungulira pamapiko, pakati pake pali kadontho kofiira. Ndinapera chidutswa cha njerwa pamwala, ndinathira timadzi, kenaka n'kudontheza kufiira kuja paphiko lililonse.

Ndinathamanga nayo kwa agogo aamuna, bambo awo a mayi anga, omwe anali pakhonde akusema mpini. Iwo anali msilikali wakale wa Keyala, ndipo ndinkadziwa kuti andiyamikira. Anailandira, anaiyang'anitsitsa, nkhope n'kusintha. Ndi mpeni womwewo anapala madontho onse awiri mpaka phiko limodzi linathyoka. Anangoti, "Ndege zathu zinalibe chofiira. Ukaona chofiira unkagona m'matope." Basi, anabwerera ku mpini wawo. Ine ndinalira, ndipo kwa masiku angapo sindinkakhala nawo pamphasa. Anamwalira mu 1997 ndisanawafunse chomwe ankatanthauza.

Nkhaniyi ndinaiiwala mpaka chaka chatha pomwe mlamu wanga wa ku Johannesburg anabwera kudzadya Khirisimasi. Mwana wanga wa Sitandade 6 anamubweretsera kabokosi kolembedwa Airfix, pamwamba pali chithunzi cha ndege yotchedwa Hawker Hurricane. Mnyamatayo atatsegula anakhumudwa. Ankayembekezera chidole chothatha, cha mabatire, koma anapeza tizidutswa tapulasitiki totuwa, guluu, kaburashi, timikebe ta penti ndi kapepala ka zizindikiro zomata. Kabokosiko kanakhala pamwamba pa kabati mpaka tchuthi cha mu Ogasiti, pomwe ine, mphunzitsi wosowa zochonga, ndinakatsitsa.

Pabokosi analemba 1:72, kutanthauza kuti chilichonse anachichepetsa ka 72. Hurricane yeniyeni inali yotambalala mamita 12 kuchokera kunsonga ya phiko lina kufika kwina. Yathuyi inali masentimita pafupifupi 17, yosakwana ngakhale chikhatho changa nditatambasula zala. Tinatsuka tizidutswa m'madzi a sopo kuti penti adzagwire, tinatidula ndi lezala, n'kulumikiza. Zinatitengera masana atatu. Tsiku lachinayi ndinatulutsa kapepala ka zomata kaja. Pamenepo ndinaona mabwalo omwe aja, buluu kunja, pakati kadontho kofiira. Ndinakhala duu, mawu a agogo ali m'khutu ngati awayankhula dzulo.

Usiku umenewo ndinagula bandulo ndipo ndinawerenga mpaka foni inazima. Zomwe ndinapeza ndi izi. Zizindikiro za m'bokosi zinali za ndege zomwe zinkateteza dziko la Britain mu 1940. Koma agogo sanamenye nkhondo ku Ulaya. Asilikali a King's African Rifles, omwe ife timati Keyala, ochokera ku Nyasaland ndi maiko ena a kuno, anatengedwa pa sitima yapamadzi kupita ku Ceylon mu 1943 kukaphunzira nkhondo ya m'nkhalango. Mu 1944 gulu lawo, 11th East African Division, linalowa m'dziko la Burma kukalimbana ndi asilikali a Japan. Anatsika chigwa cha Kabaw nthawi ya mvula yosakata, m'matope ndi malungo, chakudya chikuponyedwa kuchokera kumwamba ndi ndege za Dakota chifukwa misewu inali itasanduka phala. Ndege za Hurricane zinkaphulitsa malo omwe adani anakumba m'mapiri. Pofika Disembala chaka chomwecho anali atafika ku Kalewa, pamtsinje wa Chindwin.

Nanga chofiira? Ndege za Japan zinali ndi chizindikiro cha dzuwa, bwalo lofiira psuu. Ikakhala patali, ndege ya Angerezi yokhala ndi kadontho kofiira inkatha kuoneka ngati ya mdani, n'kuomberedwa ndi anzake omwe. Mu 1943 akuluakulu a nkhondo kumeneko analamula kuti chofiira chichotsedwe. Ndege zinatsala ndi bwalo la buluu wakuda, pakati pali buluu wowala. Agogo anga, munthu wosadziwa kuwerenga Chingerezi, yemwe anachoka kuno boma lino likutchedwa Fort Manning, ankanena zoona zenizeni. Mwana wa zaka khumi ndinawabweretsera pakhonde chizindikiro chomwe anaphunzitsidwa kuchiopa, ndikusekerera.

M'mawa ndinauza mwana wanga kuti ndegeyi tiipenta mwina. Iye anakana. "Ababa, pabokosi pali chofiira. Mukufuna kuononga ndege yanga?" Ndipo anali ndi mfundo, chifukwa mphatso inali yake. Ndinaona kuti ndikangolamula ndikhala ndachita zomwe agogo anandichita, kupala popanda kufotokoza. Ndinamukhazika pansi n'kumuuza za mapesi aja, za mpeni, za Kabaw. Ndinamuuzanso kuti mamendulo a agogo anasowa pa maliro awo, ndipo chithunzi chawo chimodzi chokha chomwe tinali nacho chinadyedwa ndi chiswe. Anakhala chete kanthawi, kenaka anati, "Chabwino, koma burashi ndigwira ndine."

Pamwamba tinapaka mitundu iwiri, wobiriwira ngati masamba a mango ndi wofanana ndi dothi louma, mokhotakhota kuti ndege ikatera isaoneke msanga. Mitundu imeneyi inali kale m'bokosi, ndipo inkagwiritsidwanso ntchito ku Burma. Kunsi kunkafunika wotuwa ngati phulusa. Tinaphunzira movutikira kuti penti wokhuthala amakwirira timizere tonse ta ndege ndipo amasiya mikwingwirima ya burashi. Pamafunika kumusungunula ndi timadzi pang'ono, kupaka mopyapyala, kudikira aume, n'kubwereza kawiri kapena katatu. Mphepo ya Ogasiti inabweretsa vuto lina. Tsiku loyamba tinaiyanika pawindo, fumbi la mumsewu n'kumatirira phiko lonse ngati nsenjere. Kuyambira pamenepo tinkaivindikira ndi beseni la mayi ake, omwe ankadandaula kuti anthu awiri athunthu akulera chidole pomwe mtedza sunasendedwe.

Buluu, woyera ndi wakuda wosakanizira tinakapempha kwa mkulu wina wolemba zikwangwani pamsika, amene amalemba maina a magolosale ndi mawu a kumbuyo kwa njinga za kabaza. Nditamufotokozera anaseka, koma anatithirira m'zitsekero za mabotolo osatilipiritsa. Anati nawonso agogo ake anapita ku Keyala, ndipo sakudziwa kuti anakafika dziko liti.

Zomata zija sizili ngati masitika a pamakope. Ndi kakhungu kopyapyala kuposa ka anyezi, komatidwa papepala ndi guluu wosungunuka m'madzi. Umadula chizindikiro chimodzi, n'kuchiviika m'madzi ofunda kwa kanthawi kochepa, kenaka n'kuchiika pambali mpaka chiyambe kutsetsereka chokha. Ukatero umachikankha ndi burashi yonyowa kuchoka papepala kupita pa ndege, n'kupsinja pang'onopang'ono ndi kansalu kuti madzi ndi mpweya zituluke. Choyamba ndinachigwira ndi chala, chinapindika n'kung'ambika pakati. Mwana wanga anandiyang'ana osanena kanthu, n'kutenga burashi. Ndi zala zake zazing'ono analumikiza zidutswa ziwirizo mpaka mng'alu unatsala ngati tsitsi. Chachiwiri chitauma chinayera m'mbali ngati mamba a nsomba chifukwa cha mpweya wotsalira pansi pake. Pa zotsalazo tinayamba tapaka kadontho ka guluu woyera wa akalipentala wosungunula ndi madzi, ndipo zinagona bwino. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mabwalo a m'mbali anali ndi mzere wachikasu kunja, tinaudula ndi lezala tisanaviike. Zonse zitauma usiku wathunthu, inakwana nthawi yofafaniza chofiira. Tinasakaniza buluu ndi woyera, mwana wanga n'kuviika nsonga ya burashi, lilime lili panja. Atapaka koyamba, kufiira kunkaonekerabe pansi. Kachiwiri kunachepa. Kachitatu kunabisika, kupatula paphiko lakumanzere pomwe dzuwa likawomba bwino kamthunzi kake kamaoneka mpaka lero. Iye ankafuna kubwereza kachinayi, ine ndinati asiye.

Ndisaname, ndege yathuyi si yeniyeni ya ku Burma m'zonse. Ya m'bokosi ndi Hurricane yoyambirira, ya mfuti zisanu ndi zitatu zing'onozing'ono, pomwe zambiri za ku Burma mu 1944 zinali za mtundu wachiwiri, zina zokhala ndi mizinga inayi m'mapiko. Zilembo za m'mbali tinangozisiya osamata chifukwa zinali za gulu la ku Britain. Wodziwa za ndege akhoza kutiseka. Koma chimene agogo anapala ndi mpeni, ife tinachichotsa ndi burashi, ndipo nthawi ino mwana anauzidwa chifukwa chake.

Tikuimangirira ulusi kuti tiipachike kudenga la pabalaza, anandifunsa, "Ababa, agogo anu aja ankachita mantha?" Ndinamuyankha zoona, kuti ndinakhala nawo mudzi umodzi zaka zoposa makumi awiri koma sindinawafunsepo. Ndinkawadziwa ngati nkhalamba yosachedwa kupsa mtima, yopukuta nsapato zake zong'ambika Lamulungu lililonse ngati ikupita pa perete.

Mwezi wa Novembala uliwonse timaona akuluakulu a boma atavala kaduwa kofiira pachifuwa, akuika nkhata zamaluwa pa zipilala zokumbukira asilikali ku Zomba ndi ku Lilongwe. Ndi mwambo wabwino, koma chipilala sichiyankha funso. Omwe anapita ku Burma atsala owerengeka. Komabe m'midzi yathu muli ena omwe anatsika m'migodi ya ku Joni pa Wenela, ndi amayi omwe analandira othawa nkhondo ya ku Mozambique m'makomo mwawo. Awerengi anzanga, ngati kwanu kuli nkhalamba yomwe imakwiya ndi kanthu kooneka kachabechabe, musathawe n'kukalira kuseri kwa nkhokwe ngati ine. Dikirani mtima wawo utsike, muwatengere madzi akumwa, mukhale pansi, muwafunse.

Masiku ano mlendo akalowa m'nyumba mwathu n'kuyang'ana kudenga, mwana wanga sadikira kuti afunsidwe. Amakwera pampando, n'kuloza phiko, n'kuyamba kufotokoza chifukwa chake palibe chofiira.