Muyezo wa Kaunjika

Ife a ku Area 36 kaunjika timamudziwa. Malaya timawayang'ana m'khosi ndi m'khwapa, nsapato timaitembenuza kuti tione kunsi. Koma pali katundu wina amene maso okha sangamuweruze. Tinamudziwa titasonkherana ndalama anthu anayi, ophunzira awiri ndi akulu athu awiri, n'kugula makina akale a lathe osemera zitsulo.

Ntchito yathu yambiri ndi mashafiti a zigayo. Pamalo pokhala bering'i, shafiti ikachepa ndi 0.02 mm yokha, bering'iyo imagwedera, imatentha, n'kufa msanga. Tsitsi limodzi la munthu ndi lonenepa kuposa pamenepo. Chigayo chikaima, mwini wake amataya ndalama, amayi amasenza chimanga kukafuna china, ndipo dzina lathu limaipa mpaka ku Biwi.

Shafiti timaiyeza ndi micrometer, ndipo ndi imene imatiuza ngati lathe ikusema molondola. Nanga micrometer ikayamba kunama, angaigwire ndani? Imeneyo ndi ntchito ya ma gauge block, timidadada tachitsulo cholimba tosalazidwa kwambiri, kalikonse ndi utali wake wodziwika. Anatitulukira ndi Carl Edvard Johansson wa ku Sweden m'chaka cha 1896, ndipo mu 1923 anakagwira ntchito ndi Henry Ford ku America. Tiwiri tabwino mukatitsetsereka pamodzi timamatirirana popanda guluu, motero mumatha kulumikiza tingapo kuti mupeze utali umene mukufuna.

Bokosi latsopano linatikulira mtengo. Bambo wina amene anagwirapo ntchito ku South Africa anatibweretsera lakale. Tinaliona modekha: kodi timidadada tonse tilimo, palibe dzimbiri, m'mphepete simunaphwanyike? Tinatipukuta n'kuyesa kutimatiza tiwiritiwiri. Tambiri tinagwirana, koma titatu tinakana, kusonyeza kuti nkhope zake zinaperepeseka.

Tinasamalanso za kutentha. Utali wolembedwa pa kamdadada ndi woona pa madigiri 20. Ka 100 mm kakafika pa madigiri 30 kamatalika ndi pafupifupi 0.01 mm, theka la vuto lija lopha bering'i. M'shedi ya malata mu October, kapena m'manja mwa munthu, sikachedwa kufika pamenepo. N'chifukwa chake timasiya kamdadada, micrometer ndi shafiti pamalo amodzi kufikira zitafanana kutentha.

Chovuta chinali satifiketi. Inalipo, koma yakalekale, ndipo pepala silinena zimene zinachitika m'zaka zotsatira. Mmodzi wa akulu athu anati, "Bambo, katundu wanu ndi wabwino, koma sitingamukhulupirire asanayezedwe." Tinagwirizana kuti ndalama yokayezetsa ichotsedwe pa mtengo. M'dziko muno nkhani za miyezo zili m'manja mwa bungwe la Malawi Bureau of Standards, limene linakhazikitsidwa mu 1972.

Anzathu ena anatiseka kuti tikuwononga ndalama pa tizitsulo tosasema kanthu. Zoona, sitisema. Koma malaya a kaunjika akang'ambika, wovutika ndi amene wawavala yekha. Muyezo ukalakwika, cholakwacho chimalowa mu micrometer, mu shafiti iliyonse, ndi m'chigayo cha munthu amene anatikhulupirira. Titatu tokana kumata tija tinatikulunga padera, ndipo sitiyezera chilichonse.